Anyezi Okwirira a Bambo Pere

Ndayendetsa galimoto ku Dubai zaka zinayi, ndipo maulendo ake ndi omwewo: kuofesi, kumsika, kubwalo la ndege, kubwerera. Ulendo umodzi wokha ndi umene ndimafotokozera anzanga tikakumana pa tiyi ku Satwa, ndipo amayamba kundiseka ndisanafike n'komwe pakati, chifukwa unali ulendo wa masiku awiri, wodutsa malire a dziko, wokatenga anyezi.

Ndimagwira ntchito kwa Madamu Montse ku Al Furjan. Iwo ndi injiniya, kwawo ndi ku Catalonia, chigawo cha dziko la Spain chimene anthu ake ali ndi chilankhulo chawochawo ndi miyambo yawoyawo. Mayi awo atamwalira, Madamu anakatenga bambo awo, a Pere, kuti azikhala nawo. Anali mdala wamfupi, wa manja akuluakulu osagwirizana ndi thupi, mlimi moyo wawo wonse kufupi ndi tauni yotchedwa Valls. Ku Dubai anangofikira pa mpando wa pawindo n'kumayang'ana mpanda wa aneba. Chingerezi ankadziwa mawu osakwana khumi. Ine ndine Yohane, iwo ankanditchula Joani, mwa kwawo, ndipo kucheza kwathu kunkathera pomwepo.

Vuto linali kudya. Mdala ankangolawa, n'kukankha mbale. Lamba anabooledwa mabowo atsopano kawiri. Dokotala anauza Madamu kuti akapitiriza kuonda chonchi, awagoneka m'chipatala azidyera m'chubu. Madamu anandiuza zimenezi m'galimoto tikuchokera kuchipatalako, ali kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

Chinthu chimodzi chokha chinkawadzutsa pa mpando paja. Pobwera kuchokera kwawo, a Pere anabisa m'masokosi anyezi makumi awiri oyera, otsala pa zokolola zomaliza za malemu mkazi wawo. Ku Dubai sakanamera, dzuwa lake likanawaphika. Mwamwayi mnzawo wa Madamu wa kuntchito, Mwomani, ali ndi kamunda ka makolo kwawo ku Omani, dziko loyandikana nalo, pa phiri la Jebel Akhdar, kumene kumazizira. Mu Okutobala Madamu ndi bambo awo anapita okha kukadzala, ine ndili pa ofu. Mu Disembala mdala anadwala chifuwa, ndiye anatuma ine kuti ndikapereke feteleza ndi kuona ngati anyezi akukula.

Tsono ine ndine mwana wa ku Bembeke, ku Dedza. Ndinakulira m'dimba la anyezi ndi kachewere. Bambo anga ankandikoka khutu ndikangoponyera dothi pa anyezi popalira, amvekere, "Anyezi safuna bulangete, mutu wake uzioneka!" Nditafika paphiri paja ndinapeza anyezi atakwiriridwa mpaka m'khosi. Ndinagwira pakamwa. Wosamalira mundawo, Shahid, bambo wa ku Bangladesh wa ndevu za imvi, anati ndi mdala yemwe anamulamula kutero. Ndinamuseka. Ndinati simunamvane chilankhulo, bhai, m'bale wanga, palibe mlimi amene anganene zimenezo. Tinafukula tonse awiri mzere wonse mpaka mitu inaoneka, ndipo ndinamulangiza kuti asadzakwirirenso. Ndinabwerera ku Dubai ndikuimba mluzu, n'kungouza Madamu kuti anyezi ali bwino.

Febuluwale itafika, a Pere anayamba kuwerenga masiku pa kalendala. Madamu sakanatha kuchoka kuntchito, choncho ulendo unali wa awiri. Anati tikakolole, tikabwere nawo, Lamlungu awotche pabwalo monga amachitira kwawo nyengo yozizira ikamatha. "Yohane, akadya anyezi amenewa, mwina ayambanso kudya," anatero Madamu. "Ndilibenso nzeru ina."

Tinanyamuka Lachisanu kukucha. Ndinapeza mdala atakhala kale kumpando wakutsogolo, atavala jekete ndi chipewa, lamba atamanga. Katundu wawo anandiseketsa. Panali mtolo wa nyuzipepala zakale, epuloni ya maluwamaluwa imene mwachionekere inali ya malemu mkazi wawo, botolo la msuzi wofiira umene anasinja okha dzulo lake, ndi thailo limodzi la padenga, ladothi, lokhota ngati ngalande. Thailolo analikulunga m'thaulo n'kuliika pamiyendo. Ndinayesa kulitenga kuti likakhale kumbuyo, anandimenya padzanja.

Msewu wa ku Al Ain ndi wowongoka, wotopetsa, mchenga uku ndi uku. Madamu anali atandiikira pafoni kapulogalamu komasulira mawu. Ndinayesa kufunsa ngati akufuna madzi, foni inalankhula m'Chisipanishi, mdala anayang'ana kunja ngati sanamve. Ndinaima pambali, ndinasakasaka mpaka ndinapeza Chikatalani, ndinafunsanso. Apo anatembenuka, n'kuyankha foniyo mwaulemu kuti ayi, zikomo.

Pa boda ya Mezyad tinafika cha m'ma eyiti, ndipo ndi pamene tsiku linayamba kupendekeka. Kuti dalaivala atulutse galimoto ya bwana m'dziko pamafunika kalata ya mwini wake. Ine mwa changu changa ndinanyamula kalata ya ulendo wa Disembala, masiku ake atatha kalekale. Wapawindo anandibwezera mwaulemu n'kundilozera poimika. Ndinaimbira Madamu, foni sinayankhidwe, anali mu miting'i. Tinakhala. Mabasi awiri anabwera, anthu anatsika, anadinditsa, anakwera, anapita. Kenako lachitatu. Mdala sanadandaule. Ankangosisita thaulo lija ngati akugoneka mwana.

Ndili chiimire pamthunzi, ndinamva wina akukalipa pafoni m'Chinyanja. Anali dalaivala wa thiraki, bambo wonenepa wa ku Chipata, ndipo atangotsitsa foni ndinamupatsa moni.

"Ah, ba Malawi!" anakuwa, n'kundigwira chanza ngati tinasiyana dzulo. "Muyenda kuti na ba mudala aba?"

"Tikukatenga anyezi ku phiri."

"Anyezi? Mu Dubai monse yasila?"

Anaseka mpaka kutsamira thiraki yake. Tinacheza za mvula, kuti kwathu chaka chino akuti yagwa bwino, chimanga chili m'mapewa. Tinacheza za mitengo ya matikiti a ndege. Iye anali ndi zaka zitatu asanapite kwawo. Titasiyana ndinazindikira kuti sitinafunsane maina, koma m'kamwa mwanga munali mutapepuka. Munthu umatopa ndi kulankhula zinenero za eni tsiku lonse.

Kalata yatsopano inafika pafoni cha m'ma teni koloko. Tinakasindikiza pa kaofesi ka inshuwalansi, n'kubwerera pamzere. Mbali ya Omani wapolisi wachinyamata anatsegula pasipoti ya mdala n'kumwetulira. "Spain!" anatero, n'kutchula za mpira. A Pere anadzigunda pachifuwa ndi chala. "Catalunya," anatero, osakweza mawu. Wapolisi anangomwetulirabe n'kudinda.

Madamu anandiuzapo kuti bambo awo ali mwana ankakwapulidwa kusukulu akalankhula chilankhulo cha kwawo, chifukwa boma la nthawi imeneyo linkachiletsa. Ankachilankhula kunyumba ndi kumunda basi, koma sanachitaye. Tikulowa m'chigwa cha Omani ndinkaganiza za ife Angoni a ku Dedza. Ife palibe anatikwapula. Chingoni chinangotsetsereka m'manja, chinatsalira m'nyimbo za ngoma zimene timaimba ndi mtima wonse osadziwa zimene tikunena. Ndinamuyang'ana mdala wouma khosi uja ndipo ndinamuchitira kaduka.

Titatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Ibri, galimoto inayamba kukokera kumanja. Tayala lakumbuyo linali litaphwa, msomali wautali ngati chala. Ndinaika sipeya thukuta lili kamukamu, mdala ataima pambali ndi thailo lake m'khwapa, akundilozera nati imene sindinamange bwino. Koma phiri lija sulikwera wopanda sipeya, choncho tayala linayenera kumatidwa. Tinafika pa malo omatira matayala chitseko chikutsekedwa kumene. Linali Lachisanu, nthawi ya mapemphero. Mwini wake anatambasula manja, "Hafu fili, inshallah." Tauni yonse inati zii.

Kakafiteriya kamodzi kokha kanatsegula anthu atatuluka mumzikiti. Ndinaitanitsa mpunga wa nkhuku mbale ziwiri, ndikuganiza kuti mwina njala ya paulendo iwathandiza. Ine ndinadya ngati ndalipidwa. Iwo anangotembenuza mpunga ndi supuni. Pofuna kuwasangalatsa ndinafunsa kudzera pafoni kuti anyezi awo amasiyana bwanji ndi anyezi ena onse.

Maso awo anawala. Foni anaikankhira kumbali. Anatenga kapaipi komwera juwisi n'kukaimika pakati pa mpunga. "Kalsot," anatero, ndilo dzina la anyeziwo. Kenako ndi supuni anakokera mpunga m'mbali mwa kapaipiko mpaka kanakwiririka theka. Anakakoka pang'ono m'mwamba, kusonyeza kukula, n'kukwiriranso. Anakokanso, anakwiriranso. Katatu. Pomaliza anakazula konse, n'kuyendetsa chala pa mbali imene inali m'mpunga, n'kupsompsona nsonga za zala. Kenako anagwira mbali imene inali kunja, anakwinya nkhope, n'kuchita ngati akutaya.

Sipanafunike womasulira. Anyezi amenewa safuna mutu. Amadzala mutu wakale kuti uphuke mphukira zambiri, ndipo mphukirazo amazibandira monga timachitira ndi kachewere, kuti tsinde litalike, likhale loyera ndi lofewa mumdima wa dothi. Chodyedwa ndi chimene chakwiriridwa. Ndipo ine Yohane, katswiri wa anyezi wa ku Bembeke, ndinali nditafukula zonse miyezi iwiri yapitayo.

Mdala ankapitiriza, tsopano akulankhula Chikatalani chokhachokha, mwamsanga, manja ali m'mwamba kusonyeza malawi a moto, mutu atapendeketsa chagada kusonyeza kadyedwe kake. Chifikireni ku Dubai ndinali ndisanawaonepo akulankhula motalika chonchi. Anatchula dzina lakuti Núria kangapo, dzina la mkazi wawo. Ine ndinkangogwedeza mutu.

Ndinanamizira kukaona tayala, n'kukaima kuseri kwa shopu kuimbira Shahid. Ndinafunsa ngati mwina anakwiriranso nditachoka. Ndinkapemphera kuti akhale munthu wosamvera.

"Ayi, bhai, monga munanenera," anayankha monyadira. "Sabata iliyonse ndimachotsa dothi. Khalas, basi, zonse zili poyera."

Apa ndi pamene ndinachita cholakwa chachiwiri, ndipo ichi ndilibe pobisala, chifukwa ndinachichita ndikudziwa. Ndinamupempha kuti akwirire mzere wonse madzulo omwewo, tisanafike. Shahid anati, "Mdala uja ndi mlimi, bhai." Ndinati ndikudziwa, ingokwirira. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Mwina kuti akazula n'kupeza zazifupi, adzaimba mlandu dothi la Omani kapena mbewu. Ndinkaopa ntchito yanga, zoona, kwathu kuli pakamwa pambiri poyang'ana ine. Koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali kuwaona akubwerera pa mpando wa pawindo uja.

Womata matayala anatsegula cha m'ma folo, osati hafu fili. Tinadutsa Bahla dzuwa litapendeka, tinafika ku Nizwa kukuda, n'kugona pa kahotela kena ka m'mbali mwa msewu. Mdala sanadye kalikonse, anangomwa tiyi. Ine tulo sindinatione bwino.

M'mawa pa chipata cha apolisi patsinde pa phiri anaona kuti galimoto ndi yokoka ndi matayala onse anayi, n'kutilola. Msewu wake ndi wokhotakhota, makutu amatseka. Titakwera ndithu a Pere anatsitsa windo, mphepo yozizira inalowa, n'kutulutsa dzanja kunja. Inenso mphepoyo inandipweteka. Inali mphepo ya ku Dedza yeniyeni, ya m'mawa wa Juni popita kudimba, bambo ali patsogolo khasu lili paphewa. Bambo anga anamwalira chaka changa chachiwiri ku Dubai. Maliro ndinaonera pafoni ya mlongo wanga, netiweki ikudukaduka, ndili m'galimoto pamalo oimikapo a sitolo ina. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo pamene chinabwerera anthu anali akubalalika.

Mundawo uli pa timasitepe ta miyala m'mbali mwa phiri, pakati pa mitengo ya makangaza yopanda masamba. Kuchokera poimika galimoto pali masitepe ambiri otsika. Ndinafuna kuwagwira mkono, anakana, n'kundipatsa katundu yense kupatula thailo. Shahid anatichingamira, anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pansi.

Mzere unkaoneka bwino ndithu. Masamba obiriwira, dothi litakwezedwa mbali zonse. Mtima unayamba kukhazikika. A Pere anafika pa phando loyamba n'kuima. Anayang'ana mzerewo kuyambira kuno mpaka uko. Kenako anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, n'kulowetsa chala m'dothi. Chinalowa chonse mosavuta. Dothi limene lakhala miyezi limagwirana, limakhala ndi kakhungu pamwamba ndi timaudzu. Ili linali lofewa ngati ufa, zipsera za khasu zikuoneka. Mlimi aliyense akanadziwa. Bambo anga akanadziwira pa msewu.

Anafukula ndi manja phando limodzi n'kuzula. Mphukira zinali zisanu ndi imodzi, zonenepa bwino, koma zobiriwira mpaka pansi. Choyera chinali chachifupi ngati chala chaching'ono. Anazigwira m'manja nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Shahid n'kunena mawu amodzi otsika, ndipo Shahid, munthu wabwino, sanandiloze. Anangoima manja ali kumbuyo kulandira mlandu wanga.

Zimenezo sindinathe kuzipirira. Ndinagwada pafupi ndi mdala. Foni inali m'thumba koma sindinaitulutse. Chingerezi sakanamva, ndiye ndinaona kuti bola ndilankhule chimene chili changa.

"Bambo, ndine," ndinatero m'Chichewa, ndikudzigunda pachifuwa monga anachitira iwo pa boda. "Ndinafukula ndine. Uyu anakana, ndinamukakamiza. Kwathu anyezi sitikwirira, bambo anga anandiphunzitsa choncho, ndiye ndinayesa ndikuthandiza. Dzulo ndinamuuza akwirire kuti musadziwe. Pepani, bambo. Mbewu ya mayi ndaononga ndine."

Ndinasonyeza ndi manja kufukula, n'kudzilozanso. Anamva. Nkhope yawo inafiira, ndipo anayamba kundikalipira m'Chikatalani. Anakalipa nthawi yaitali, akugwedeza anyezi aja pamaso panga, dothi likundigwera pamalaya. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe koma ndinamva zonse. Kukalipa kwa mlimi amene mwamuonongera mzere n'kumodzi kulikonse. Ndinawerama, ndipo ndikuuzeni zoona, pansi pa manyaziwo panali kena kake kotsekemera. Panali patapita zaka zambiri chikalipidwireni ndi munthu wamkulu m'munda.

Mpweya utawathera anakhala pa mwala, akupuma mwa befu. Anayang'ananso anyezi aja. Anatsina tsinde ndi chikhadabo, ananunkhiza, anayang'ana kumwamba ngati akufunsa kuti kuzizira kutsala kwa masabata angati. Kenako analoza khasu la Shahid, n'kuloza ine.

Shahid anali atangounjika dothi mothamanga, pena kukwirira ndi masamba omwe. Ndinavula nsapato. Khasu lake linali la mpini waufupi, koma khasu ndi khasu. Ndinayamba kumapeto kwa mzere, kukoka dothi kuchokera m'ngalande, kuliphwanya zibuma, kulikweza mbali iyi kenako inayo, n'kutsendera ndi kuseri kwa khasu kuti madzi asaligumule. Msana unakumbuka wokha. Mdala ankanditsatira, akuwongola masamba ndi manja, akung'ung'udza. Pa phando lachinayi anasiya kung'ung'udza. Pa lachisanu ndi chiwiri anandigwira dzanja, analitembenuza, anayang'ana chikhatho changa chimene chinafewa ndi chiwongolero, n'kufunsa kena kake. Ndinaganiza kuti akufunsa amene anandiphunzitsa.

"Bambo anga," ndinatero. Ndinaloza dothi. "Anapita."

Anagwedeza mutu, n'kundibwezera dzanja langa. Tinamaliza mzere wonse.

Ndinkayesa tibwerera basi, koma mdala anazula mapando ena awiri a kumapeto n'kutuma Shahid ndi manja kuti abweretse nkhuni. Anabwera ndi zikuni, anazikana. Anapita okha kumpanda kumene kunali mulu wa nthambi zouma zosadzidwa ku mpesa, n'kusankha zimenezo. Moto wa nthambi za mpesa umalilima msanga. Anaika anyezi pa waya, osatsuka, osasenda, pamalawi penipeni. Ine ndi Shahid tinayang'anana. Anapsa mpaka kuda bii, akulira tsiii, madzi akutuluka kunsonga. Ndinati apa mdala wakwiya mpaka kuwotcha mbewu. Koma anawaphula, anawakulunga m'nyuzipepala zija, n'kutiuza ndi dzanja kuti tidikire. Thailo analiika pambali pa moto kuti lifunde. Tsopano ndinamvetsa ntchito yake, inali mbale.

Anavala epuloni ya maluwa ija pamwamba pa jekete. Anamasula nyuzipepala, nthunzi inatuluka, fungo lokoma ngati la chimanga chootcha. Anatenga mmodzi, anamugwira kumasamba, ndi dzanja linalo anatsina kumizu n'kukoka. Chikopa chakuda chinavuka chonse ngati sokosi, mkati munatsala kachoyera konyezimira, kakafupi komvetsa chisoni. Anakaviika m'botolo la msuzi, anakakweza pamwamba pa mutu, anapendeketsa khosi chagada, n'kukatsitsira m'kamwa.

Anatafuna maso ali chitsinzinire. Msuzi unatsikira pachibwano n'kugwera pa maluwa a epuloni. Sanatsegule maso msanga, ndipo ife tinayang'ana kumbali. Kenako anatenga wachiwiri.

Anatiphunzitsa ifenso. Shahid anadzithira msuzi m'ndevu, ine woyamba anandipulumuka n'kugwera m'phulusa, mdala anaseka mpaka kutsokomola. Msuziwo unali wa matimati ootcha, adyo, mafuta ndi mtedza wa kwawo wosinja, wofanana ndi nsinjiro zathu koma wowawasa pang'ono. Anyezi anali otsekemera, ngakhale kuti ukangoluma kamodzi wafika kale pobiriwira polimba. Shahid anabweretsa buledi wopyapyala wa Chiomani, ndipo a Pere anang'amba n'kumakombera m'botolo. Ndinkawerenga mumtima ngati nesi. Anyezi asanu ndi awiri, buledi theka.

Foni inalira, Madamu. Ndinawapatsa bambo awo, analankhulana kanthawi, kenako anandibwezera.

"Yohane, akuti simubwera nawo anyezi," anatero Madamu. "Akuti sanakonzeke, afunika masabata ena asanu. Chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana mdala. Anali kunyambita chala, akuyang'ana phiri la kutsidya ngati nkhaniyo siikuwakhudza. Sananditchule. Ndinauza Madamu ndekha, mwachidule, kuti ndinalakwitsa ndine mu Disembala, ndidzafotokoza bwino tikafika. Madamu anangofunsa, "Koma ndikumva ngati akutafuna. Akudya?" Ndinati eya, akudya. Kumbali inayo kunamveka kupuma kwakukulu, ndipo foni inaduka asananene china.

Titatsala pang'ono kunyamuka tinakhala pakhoma la miyala, manja onse ali bii ndi mwaye. Pathailo panatsala anyezi awiri. A Pere analoza mzere uja, anadziloza, anandiloza, n'kukweza zala zisanu. Masabata asanu, tidzabweranso. Ndinavomera. Kenako anandigwira paphewa n'kuloza kutali, kupitirira mapiri.

"Malawi?" anafunsa, akugwedeza zala kuti ndiwerenge nthawi yotsala kuti ndibwerere kwathu.

Kontilakiti yanga inali itatsala ndi miyezi khumi ndi inayi. Ndinati "miyezi," ndikujambula mwezi m'mwamba, n'kuyamba kutambasula zala chimodzichimodzi. Zinatha zonse khumi ndisanamalize. Ndinakhala choncho manja ali m'mwamba, ndikusowa chochita. Ndinanena nambala yotsala m'Chingerezi, amodzi mwa mawu ochepa aja amene ankadziwa. Mdala anakweza dzanja lake lalikulu lakuda, analiika pafupi ndi langa, n'kutambasula zala zinayi. Tinayang'ana zala khumi ndi zinayi zija tonse awiri. Zinali zambiri, koma zinali zowerengeka.

"Nanga inu, bambo?" ndinafunsa, ndikuloza mbali ina. "Catalunya?"

Anayang'ana dzanja lawo. Zala zinayi zija zinapindika chimodzichimodzi mpaka linatsala nkhonya. Kwa iwo panalibe miyezi yowerenga. Anaipukuta pa epuloni ya mkazi wawo, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri. Kenako anatenga anyezi awiri otsala aja pathailo, mmodzi anandipatsa ine, winayo anasenda, anaviika, n'kupendeketsa mutu chagada.